Walt Disney: mwana wa kalipentala yemwe ankadana ndi ntchito yamgwazo

Makanema a mabanja omwe apita kokasangalala ku Disneyland sasowa pa TikTok. Mwana wavala makutu a Mickey Mouse, mayi akukuwa pa kasitima kothamanga, bambo akuwerenga chenji nkhope ili ndwii. Ine ndikamaonera makanema oterewa ndimakonda kuimika kaye kuti ndione zomwe zili kumbuyo kwa anthuwo: zitseko, nyale za mumsewu, mazenera a m'mwamba. Pa mazenera ambiri a mumsewu wolowera, womwe amautcha Main Street, pali mayina olembedwa ndi penti ngati zikwangwani za mabizinezi. Mabizineziwo kulibe. Mayinawo ndi a anthu enieni omwe anagwira ntchito yomanga ndi kukongoletsa malowa. Koma limodzi, lomwe lili pamwamba pa sitolo yaikulu ya Emporium, ndi la munthu yemwe sanakhomepo ngakhale msomali umodzi: Elias Disney, kalipentala yemwe anamwalira mu 1941, zaka 14 pakiyi isanatsegulidwe.

A Elias anali bambo ake a Walt Disney. Ndipo kuti mumvetse chifukwa chomwe malo oseweretsa ana anamangidwa mosamala chonchi, mpaka pa zinthu zomwe mlendo wothamangira pamzere sangazione n'komwe, muyenera kuyambira kwa kalipentala ameneyu.

Walter Elias Disney anabadwa pa 5 December 1901 mumzinda wa Chicago ku America, m'nyumba yamatabwa yomwe bambo ake anamanga okha, pulani yake atajambula mayi ake a Flora. Mu 1906 banjali linasamukira ku famu ina pafupi ndi katauni ka Marceline m'chigawo cha Missouri. Anakhalako zaka zosaposa zisanu, koma katauniko kanamulowa m'magazi: msewu umodzi waukulu wa masitolo, njanji ya Santa Fe yodutsa pakati, nkhumba ndi mahatchi a pafamu. Kumeneko n'komwe dokotala wina wopuma pantchito anamupatsa kandalama kuti amujambulire hatchi yake, ndipo n'komwenso anajambula zithunzi pakhoma la nyumba yawo pogwiritsa ntchito phula, lomwe linakana kuchoka.

Famu itawakanika, mu 1911 anapita ku Kansas City komwe a Elias anayamba bizinezi yogawa nyuzipepala. Walt ndi mkulu wake Roy ankadzuka kukali mdima, chisanu chili tho, kukagawa nyuzi khomo ndi khomo asanapite kusukulu. Bambo awo sankalola zoponya nyuzipepala uli pamsewu monga ankachitira anyamata ena. Umayenera kufika pakhonde n'kuiika pomwe mphepo singaiulutse. Malipiro? Ana apakhomo sankalipidwa. Walt anagwira ntchitoyi zaka pafupifupi 6, akusinza m'kalasi. Zinthu ziwiri zonsezi, kusamala tinthu ting'onoting'ono komanso kuuma manja kwa bwana, mudzazionanso mwa iye mwini akadzakula.

Za unyamata wake tidutsepo mwachangu. Mu 1918 ananamiza chaka chake chobadwira kuti alowe gulu la Red Cross, n'kukafika ku France nkhondo itangotha kumene, komwe ankayendetsa ambulansi yomwe anaijambula makatuni m'mbali. Atabwerera ku Kansas City anakumana ndi mnyamata wina wofatsa, Ub Iwerks. Kampani yake ya makatuni, Laugh-O-Gram, inagwa ndi ngongole mu 1923. Ali ndi zaka 21 anakwera sitima kupita ku Hollywood ndi madola 40 m'thumba, ndipo mu October chaka chomwecho iye ndi Roy anatsegula kampani yomwe tikuidziwa lero. Mu 1925 anakwatira Lillian Bounds, yemwe ankagwira ntchito yodinda inki pazithunzi pakampani pomwepo.

Apa pali chinthu chomwe ambirife sitikuchidziwa. Walt Disney sanali katswiri wojambula. Ankajambula ndithu, koma anzake ankamuposa, ndipo iye anazindikira msanga n'kusiya kujambula makatuni chapakati pa zaka za m'ma 1920. Mu 1928, atalandidwa kalulu wake wotchedwa Oswald chifukwa cha mgwirizano womwe unapereka umwini kwa kampani ya Universal, komanso ojambula ake ambiri atamuthawa, yemwe anakhala pansi n'kujambula Mickey Mouse anali Iwerks. Mkuluyu ankatha kujambula zithunzi mazanamazana patsiku. Walt anapereka mawu ndi khalidwe la kambewako. Filimu ya Steamboat Willie inaonetsedwa ku New York pa 18 November 1928, phokoso lake likugwirizana ndendende ndi zochitika, ndipo dziko linapenga. Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo, koma kumeneko mbewa inamanga ufumu. Iwerks anachoka mu 1930 atatopa ndi kukhala mumthunzi, ngakhale anadzabwerera patatha zaka 10.

Ndiye luso la Walt linali chiyani? Linali diso. Ankaona pomwe chinthu chaperewera, ndipo sankagona mpaka chikonzedwe, kaya ndalama zilipo kaya palibe (za ndalamazo ankavutika nazo ndi Roy). Kuyambira mu 1932 anabweretsa mphunzitsi wa zojambula, Don Graham, kuti ojambula ake omwe anali kale pantchito abwererenso m'kalasi madzulo kukaphunzira momwe thupi la munthu limayendera. Popanga filimu ya Bambi anaweta tiagwape tiwiri pakampani kuti ojambula azitiona tikamayenda. Anapangitsa kamera yaitali ngati nsanja, yokhala ndi magalasi angapo osanjikizana, galasi lililonse lili ndi gawo lake la chithunzi, kuti mtengo wapafupi uziyenda mofulumira kuposa phiri lakutali monga zimakhalira uli m'basi. Filimu ya Snow White, yomwe anthu ku Hollywood ankati imugwetsa, inadya madola pafupifupi 1.5 miliyoni n'kutuluka mu December 1937, ndipo inabweza ndalamazo kangapo.

Ndi ndalama zimenezi, Walt ndi Roy anagulira makolo awo nyumba ku California. Chipangizo chotenthetsera m'nyumbamo chinali ndi vuto. Anatumiza amisiri a kukampani kuti akachikonze, koma sichinakonzeke bwino, ndipo pa 26 November 1938 mayi awo a Flora anafa ndi mpweya woipa womwe unkatuluka m'chipangizocho. Walt sankaikamba nkhaniyi, ngakhale kwa ana ake.

Kenako panabwera 1941. Ojambula ambiri anali atagwira ntchito usiku ndi usana pa Snow White akuyembekezera kuti phindu likabwera nawonso adyerera. Malipiro anali osiyana mosamveka, ena mayina awo sankatuluka n'komwe pafilimu, ndipo mphekesera za kuchotsedwa ntchito zinali ponseponse. Walt atachotsa Art Babbitt, mmodzi wa akatswiri ake yemwe ankatsogolera za bungwe la ogwira ntchito, sitalaka inayamba kumapeto kwa May ndipo inatenga milungu isanu. Walt anaitenga ngati kumupereka. Mu 1947 anakaima pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo yomwe inkasaka achikomyunizimu, n'kutchula mayina a ena omwe anatsogolera sitalakayo. Pa nthawi imeneyo kutchulidwa kotere kunkatha kumuphera munthu ntchito moyo wake wonse. Ine pamenepa sindingamuikire kumbuyo. Munthu yemwe ankaona mzere umodzi wokhota pachithunzi analephera kuona kuti wojambula mzerewo akuvutika kulipira lendi.

Pambuyo pa sitalakayi ndi nkhondo, chidwi chake pa makatuni chinazilala. Chomwe chinamudzutsa ndi sitima. Mu 1948 anapita ku chionetsero cha sitima zapamtunda ku Chicago limodzi ndi wojambula wake Ward Kimball, ndipo atabwerako analowa m'shedi ya zitsulo ya pakampani n'kupempha mmisiri Roger Broggie kuti amuphunzitse kusula ndi kuchekera zitsulo pamakina. Tangoganizani, mwini kampani akulandira malangizo kwa wantchito wake, manja ali bii ndi girizi. Pofika mu 1950 anali ndi njanji yakeyake kuseri kwa nyumba yake, yotalika mamita pafupifupi 800, ndi kasitima koyendera nthunzi komwe anakatcha Lilly Belle polemekeza mkazi wake. Lillian atakana zoti njanji idutse m'maluwa ake, Walt anakumbitsa ngalande yapansi yokhotakhota kuti wokwera asaone kotulukira akamalowa. Kabogi kakumbuyo anakapala yekha, n'kuikamo timabedi ndi kambaula kakang'ono. Ankatha usiku wonse akupanga timipando ndi timatebulo tokwana m'chikhatho. Mwana wa kalipentala uja anali atabwerera ku matabwa.

Maganizo a paki anachokera ku zinthu zingapo. Ankakonda kutenga ana ake aakazi, Diane ndi Sharon, kupita nawo ku Griffith Park ku Los Angeles, iwo akukwera katungwe wozungulira wa mahatchi, iye atangokhala pabenchi akutafuna mtedza, n'kumadzifunsa chifukwa chake kunalibe malo omwe kholo ndi mwana angasangalalire limodzi. Malo a zisangalalo a nthawiyo ku America ambiri anali auve, odzadza ndi zidakwa ndi akathyali. Mu 1951 anakaona Tivoli Gardens ku Copenhagen ndipo anatengeka ndi ukhondo wake, maluwa ndi nyale zake.

Akuluakulu a kampani, Roy yemwe, sanafune kuikapo ndalama. Walt anakongola ndalama pa inshulansi ya moyo wake, anagulitsa nyumba yake yopumulirako ku Palm Springs, ndipo mu December 1952 anatsegula kakampani kapadera kotchedwa WED, kuchokera ku zilembo za dzina lake. Mnzake wina wodziwa zojambula mapulani a nyumba, Welton Becket, anamulangiza kuti asadalire akatswiri a zomangamanga koma agwiritse ntchito anthu ake omwe. Choncho omwe anakonza Disneyland anali anthu a mafilimu: ojambula makatuni ndi okonza malo ojambulirapo kanema. Kumapeto kwa sabata ina mu September 1953, Walt anaitana wojambula Herb Ryman n'kukhala naye masiku awiri, iye akufotokoza, Ryman akujambula ndi pensulo. Chithunzi chimenecho n'chomwe Roy ananyamula kupita nacho ku New York kukasaka ndalama. Wailesi ya kanema ya ABC inaikapo madola 500,000 n'kuimira ngongole ya madola ena 4.5 miliyoni, posinthana ndi pulogalamu ya sabata ndi sabata. Anagula minda ya malalanje ya maekala 160 ku Anaheim, ndipo ntchito yomanga inatenga chaka chimodzi chokha.

Poti anamanga ndi anthu a mafilimu, pakiyi imayenda ngati filimu. Khomo ndi limodzi. Umadutsa pansi pa njanji m'kanjira kamdima komwe m'makoma muli mapositala a zomwe ukaone, ngati polowera m'nyumba ya kanema, kenako n'kutulukira mu Main Street. Kuzungulira paki yonse anaunjika mtumbira wautali wa dothi n'kubzalapo mitengo kuti uli m'kati usaone magalimoto ndi mapolo a magetsi a kunja.

Nyumba za mu Main Street zimanama msinkhu. Chipinda chapansi n'chachikulu pafupifupi ngati cha nyumba wamba, koma nsanjika yachiwiri ndi yocheperapo, yachitatu n'kucheperanso, mazenera ake akunka nachepa. Diso limaona ngati nyumbazo n'zazitali, koma thupi limamva kuti malowa ndi aang'ono, osaopsa, okwana mwana. Nyumba yachifumu yomwe imaoneka kumapeto kwa msewu, ija aliyense amajambulitsapo, ndi yotalika mamita 23 okha. Miyala yake ya m'munsi ndi ikuluikulu, ya m'mwamba ndi ing'onoing'ono. Anatengerako maonekedwe a nyumba ya Neuschwanstein ya ku Germany. Msewuwo ndi Marceline wa m'maloto a Walt, wopanda matope ndi ndowe za mahatchi, wosakanizidwa ndi tauni ya Fort Collins komwe anakulira wojambula Harper Goff.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi katungwe wa mahatchi wa kuseri kwa nyumba yachifumuyo. Sanapange watsopano. Anagula wakale, wopangidwa mu 1922, yemwe ankazungulira ku Toronto m'dziko la Canada, mahatchi ake osemedwa ndi manja kuchokera ku mtengo. Pa akatungwe oterewa pamakhala nyama zosiyanasiyana, ndipo mahatchi ena amakhala ongoima, osakwera ndi kutsika. Walt, yemwe anakhala pabenchi nthawi yaitali akuonerera ana akulimbirana, anafuna kuti mwana aliyense akwere hatchi yodumpha. Nyama zinazo anazichotsa, anasaka mahatchi ena kwa akatungwe akale, ndipo amisiri anasemanso miyendo ya mahatchi oima aja kuti akhale othamanga. Lero alipo 68, onse oyera, koma palibe awiri ofanana zokongoletsa zake. Mwana wa zaka zinayi sangakuuzeni zonsezi. Amangodziwa kuti hatchi yake ikuuluka basi.

Za mitengo anapatsa Bill Evans, yemwe ndi mchimwene wake Jack anakonza maluwa a kunyumba kwa Walt. Evans anauzidwa kuti apange nkhalango yowirira m'dera louma, m'chaka chimodzi, ndalama zili zochepa. Ankathamangira komwe boma likulambula misewu ikuluikulu n'kukapulumutsa mitengo yomwe ikanagwetsedwa. Mitengo ina ya malalanje ya pamalopo anaizula n'kuibzala chadodolido, mizu m'mwamba, n'kuyangitsapo zomera zoyanga kuti izioneka ngati ya m'nkhalango. Tsiku lotsegulira litayandikira, mbewu zitatha, Walt anamuuza kuti zitsamba zongomera zokha zomwe zatsala aziikire tizikwangwani ta mayina a Chilatini kuti alendo aziganiza kuti n'zobzala. Ukathyali nawonso ndi luso, eti?

Tsiku lotsegulira, pa 17 July 1955, zinthu zinavuta. Ndalama zonse zomwe zinalowa zinali madola 17 miliyoni, koma ntchito inali isanathe. Anthu anafika pafupifupi 28,000, ochuluka kwambiri kuposa oitanidwa, poti ena anali ndi matikiti achinyengo. Dzuwa linaswa mtengo, phula lomwe anali atangothira kumene linali lofewa moti nsapato zazitali za azimayi zinkatitimira. Amisiri a mipope anali pa sitalaka tsikuli lisanafike, ndipo Walt anayenera kusankha pakati pa zimbudzi ndi mipope ya madzi akumwa, anasankha zimbudzi. Zakudya zinatha, mpweya wa gasi unatuluka mbali ina, bwato lalikulu la Mark Twain linadzadza mpaka madzi kukwera. Zonsezi zikuchitika, pulogalamu ikuulutsidwa pa wailesi ya kanema, mmodzi wa oulutsa ali Ronald Reagan yemwe anadzakhala mtsogoleri wa dzikolo. Manyuzipepala anamunyoza. Koma pasanathe miyezi iwiri anthu okwana 1 miliyoni anali atalowa, aliyense wamkulu atalipira dola imodzi pakhomo. Lero tikiti ya tsiku limodzi imaposa madola 100. Muwerengere nokha m'makwacha.

Chomwe Walt anakondera paki kuposa filimu n'choti filimu ikatuluka yatuluka, pomwe paki ungathe kumaikonzabe. Anali ndi kachipinda kogona pamwamba pa nyumba ya ozimitsa moto mu Main Street, ndipo ankadzuka m'mamawa kuyendera malo alendo asanafike. Nyale ya pazenera la kachipindako amaisiya yoyaka mpaka pano. Ankaima pamzere ngati mlendo wamba, kumvetsera zomwe anthu akudandaula. Tsiku lina anakwera bwato la Jungle Cruise n'kupeza kuti woyendetsa wamaliza ulendo wa mphindi 7 m'mphindi zinayi ndi theka, kudutsa mvuu mothamanga. Anamuitana woyang'anira, mnyamata wotchedwa Dick Nunis, n'kumufunsa momwe angamvere atalipira filimu kenako n'kupeza kuti pakati pake adulapo. Patatha masabata angapo anabweranso, n'kukwera bwato ili, kutsika, kukwera linalo, kuti atsimikize kuti sanangomukonzera limodzi.

Koma Jungle Cruise yomweyi ndi pomwe ine, monga Mwafrika, ndimameza malovu owawa. Ulendowu umadutsa mitsinje yoyerekezera ya ku Asia, South America ndi Africa, monga Congo ndi Nile. Goff anatengera maonekedwe a mabwato ku filimu ya The African Queen ya 1951. Walt ankafuna nyama zenizeni, koma atauzidwa kuti masana zizingogona, anapangitsa njovu, mvuu ndi ng'ona zoyendera makina. Limodzi ndi nyamazo anaikamonso zidole za anthu akuda ovina ndi mikondo, oopseza alendo, ena ooneka ngati odula mitu ya anzawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wojambula Marc Davis anawonjezera chithunzi choseketsa: chipembere chathamangitsa gulu la alenje mpaka akwera mumtengo, mzungu ali pamwamba penipeni, onyamula katundu akuda ali m'munsi mwake, wotsirizayo nyanga ili pafupi ndi matako. Ife a ku Malawi mawu oti mtengatenga tikuwadziwa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu ambirimbiri a ku Nyasaland anakakamizidwa kusenza katundu wa asilikali maulendo ataliatali, ndipo ochuluka sanabwerere kwawo. Ku Anaheim, mtengatenga anali nthabwala ya ana kwa zaka zoposa 50. Ndipo nthabwalayo inapangidwa mwaluso kwambiri, nkhope zosemedwa bwino, makina oyenda pa nthawi yake, n'chifukwa chake inakhazikika m'mitu ya ana mamiliyoni omwe Africa anayamba kumuonera pamenepo. Kampaniyi inachotsa zidolezi mu 2021.

Sikuti palibe yemwe anamuchenjezapo Walt pa nkhani za mtundu. Filimu yake ya Song of the South ya 1946 inadzudzulidwa nthawi yomweyo ndi mabungwe a anthu akuda chifukwa chokometsera moyo wa m'minda ya kummwera kwa America. James Baskett, yemwe anasewera mbali yaikulu, sanakhale nawo pa mwambo woionetsa koyamba ku Atlanta chifukwa cha malamulo a tsankho a mumzindawo.

Chodabwitsa n'choti munthu yemweyu ndiye anapangitsanso It's a Small World, ulendo wa pabwato wodutsa zidole mazanamazana za ana a mayiko onse akuimba limodzi. Unakonzedwa m'miyezi yochepa kuti ukaonetsedwe pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1964, polemekeza bungwe la UNICEF. Walt anaitanitsa Mary Blair, mayi yemwe mitundu yake inakongoletsa mafilimu a Cinderella, Alice in Wonderland ndi Peter Pan, koma yemwe anali atachoka pakampani mu 1953. Blair ankaika pamodzi mitundu yomwe ena ankati siyenderana, ndipo zojambula zake zinkaoneka ngati mapepala odulidwa ndi mwana waluso. Alice Davis anafufuza ndi kukonza zovala za zidolezo, dziko ndi dziko. Wosema Blaine Gibson anazipatsa nkhope yofanana. Chosiyana ndi khungu, tsitsi ndi chovala. Mukadzaona kanema wa ulendowu pafoni, muimike pa zidole ziwiri zilizonse muone masaya ndi mphuno.

Azimayi ngati amenewa anali ochepa. M'zaka za m'ma 1930 kampaniyi inkayankha atsikana ofunsira ntchito kuti kujambula makatuni ndi ntchito ya amuna, iwo malo awo ndi kodinda inki ndi kupaka penti. Harriet Burns analowa mu 1955 ndipo anakhala mkazi woyamba m'gulu la okonza paki, akugwira macheka ndi makina limodzi ndi amuna, atavala diresi ndi nsapato zazitali. Pokonza mbalame zoimba za Enchanted Tiki Room, yomwe inatsegulidwa mu 1963, panali vuto: mbalame ikamapuma, chifuwa chimafufuma bwino, koma pobwerera chikopa cha nthenga chinkakwinyika. Burns anapeza yankho pamsonkhano wina akuyang'ana juzi yaubweya wofewa yomwe Walt anavala, momwe inkatambasukira pachigongono n'kubwerera yosakwinyika. Anasaka nsalu yolukidwa motero, n'kumatapo nthenga imodziimodzi. Dzina lake linaikidwa pazenera la mu Main Street mu 1992, mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu ku Disneyland.

Mazenera aja ndiye malo ochepa pomwe mayina a amisiri amaoneka. Pachipata pali dzina limodzi basi. Walt ankanena poyera kwa antchito ake kuti dzina lomwe akugulitsa ndi lake, ndipo wosakondwa nazo achoke. Carl Barks, yemwe anayambitsa Scrooge McDuck mu 1947 n'kujambula nkhani za Donald Duck kwa zaka zoposa 20, owerenga sankamudziwa dzina poti mabukuwo ankasainidwa Walt Disney. Komabe ambiri mwa anthuwa anakhala naye mpaka imfa, ngakhale sankayamika pamaso ndipo chifuwa chake cha fodya chikamveka m'khonde aliyense ankakhala tcheru. Ankawapatsa ntchito zomwe iwo eni sankadziwa kuti angathe. Gibson anali wojambula makatuni yemwe ankasema ngati chongotayitsa nthawi kunyumba. Walt ataona zosema zake anamusamutsira ku paki, ndipo ndiye anadzaumba nkhope ya Abraham Lincoln woyenda ndi kulankhula, potengera chikombole chomwe chinadindidwa pankhope ya Lincoln weniweni mu 1860.

Walt ankasuta kwambiri kuyambira ali mnyamata. Mu November 1966 madokotala anapeza khansa n'kumuchotsa phapo lakumanzere. Anamwalira pa 15 December 1966 m'chipatala choyang'anizana ndi kampani yake ku Burbank, patangotha masiku 10 atakwanitsa zaka 65. Roy anafotokoza kuti madzulo omaliza, mng'ono wakeyo ankaloza kudenga la chipindacho, akugwiritsa ntchito timabokosi ta siling'i ngati mapu a malo atsopano omwe anagula ku Florida. Zija mumawerenga pa intaneti zoti thupi lake analiumitsa mu ayezi kudikira kudzamudzutsa ndi bodza: linatenthedwa, ndipo phulusa lake lili kumanda a Forest Lawn ku Glendale. Roy, yemwe ankafuna kupuma pantchito, anakhalabe mpaka atatsegula Walt Disney World mu October 1971, n'kumwalira mu December chaka chomwecho.

Ntchito yomaliza yomwe Walt anaiyang'anira yekha ku Disneyland ndi Pirates of the Caribbean, ulendo wa pabwato womwe patapita zaka zambiri unadzabala mafilimu a Johnny Depp aja. Amisiri ake anali atamanga chitsanzo cha malowa pa matebulo aatali ofika m'maso, kuti munthu azidutsa pakati n'kuona zomwe mlendo adzaone ali m'bwato. Gawo lina analimanga pa msinkhu wake weniweni m'shedi ku Glendale, n'kumukhazika Walt pampando wamateyala, akumukankha pa liwiro la bwato, iye akutembenukira uku ndi uku n'kumatchula zoti akonze.  Ulendowu unatsegulidwa pa 18 March 1967.